Gogo wa pinki uja: alipo anawerengapo Barbara Cartland muno?

Nangozo wa ku Zomba:
Abale anga a m'gulu lino, mwaswera bwanji. Loweruka ndinali kwa amayi ku Domasi, timasuntha katundu poti denga la kuchipinda kwawo layamba kudontha. Kunsi kwa bedi kunali thiranki ija yachitsulo imene tonse tinakula tikuopa kuitsegula. Nditachotsa nsalu zakale ndi makhadi athu akusikelo, ndinapeza timabuku 14 tomangidwa pamodzi ndi mphira wa chubu. Tonse ta munthu mmodzi, Barbara Cartland. Mapepala anachita kufiirira, m'mbali njenjete zinadya. Pachikuto chilichonse pali mtsikana wa diresi lokwekwa pansi ndi mwamuna wamtali atamuweramira. Kuseri kwa tina kuli chithunzi cha gogo wodzola zedi kumaso, nsidze zabodza zakuda bii, mikanda m'khosi mbwee.

Dzulo ndinatsegula kamodzi cha m'ma 8 usiku, pomakwana 11 katha. Ndiye ndifunse: mayi ameneyu anali ndani? Nanga amayi anga, namwino wopuma, munthu wa Mvano wosalankhulalankhula, ankafunamo chiyani?

Dalo wa ku Area 25:
Kkkkk amayi a Mvano! Asisi musawafunse, bwezerani momwe munazipezera, mumange ndi mphira womwewo.

Anambewe:
Iwe Dalo usaseke, mibadwo ya amayi ako yonse inadutsa momwemo. Nangozo mwana wanga, wandikumbutsa kutali. Ife ku sekondale m'zaka za m'ma 1970 timabuku timeneti tinali ngati mchere, kuhositelo konse kamodzi kankazungulira mpaka chikuto kuthothoka. Unkapatsidwa usiku umodzi wokha, mawa lake m'mawa wina ali kale pakhomo. Tinkawerenga titafunda bulangeti kumutu ndi tochi ya mabatire awiri, mabatirewo tikuchita kuwayanika padzuwa kuti abwerere mphamvu. Ametironi athu anandilandapo kamodzi nditatsala ndi masamba khumi okha, ndinalira ngati kwagwa maliro. Patapita sabata tinawaona pawindo akukawerenga iwowo, magalasi ali pamphuno.

Mayiyu anali Mngelezi. Anabadwa pa 9 July 1901 ku Edgbaston, dera la mumzinda wa Birmingham, ndipo anamwalira pa 21 May 2000 ali ndi zaka 98. Analemba mabuku 723.

Bambo a Yamikani:
Amayi, mwati 723 kapena chala chaterereka pafoni?

Anambewe:
Chala changa chili bwinobwino bambo. 723. Ochuluka zedi ndi achikondi, koma analembanso ena a zaumoyo, a zophikaphika ndi a mbiri za anthu. Chaka china m'ma 1970 anatulutsa 23 m'chaka chimodzi, mpaka analowa m'buku la Guinness.

Bambo a Yamikani:
Ndawerengetsa apa. Mabuku 23 pa masiku 365 ndiye kuti buku limodzi pa masiku 16 alionse. Amenewo si mabuku amayi, ndi mandasi. Ufa womwewo, mafuta omwewo, kungosintha mbale. Ine mlongo wanga anali nawo, ndinayesapo awiri. Mtsikana wosauka koma wokongola, wamasiye kapena bambo ake ali m'ngongole mpaka m'khosi. Mwamuna ndi Duke kapena Marquis kapena Earl, mafumu achingelezi aja okhala ndi nyumba ya zipinda zosawerengeka, nkhope yokwiya, akazi onse anatopa nawo. Akumana, adana, wina woipa afuna kumuba mtsikanayo, Duke amupulumutsa, apsompsonana tsamba lomaliza, ukwati. Lachiwirilo ndinangoona kuti asintha maina ndi mtundu wa hatchi.

Sisi Mphatso ku Joni:
Achimwene, nanga mandasi mumadya tsiku lililonse bwanji, simunatope nawo?

Dalo wa ku Area 25:
Awa aphedwa kkkk.

Nangozo wa ku Zomba:
Koma a Bambo a Yamikani sananame, kanga kaja kanayenda momwemo ndendende. China chimene chinandiseketsa ndi kalankhulidwe ka mtsikanayo. Sangamalize chiganizo. Mawu awiri, timadontho, mawu amodzi, timadontho, ngati munthu wothamanga amene wabanika. Tsamba lomaliza lokha timadontho tinachuluka kuposa mawu.

Tiya wa ku Luton:
Timadonthoto tili ndi chifukwa chake asisi. Gogoyu sankalemba ndi dzanja kapena kutaipa yekha. Akadya nkhomaliro ankagona pa sofa m'chipinda chake cha mabuku, atafunda, kagalu kake ka mtundu wa Pekingese kali pambali, ndiye ankangoyankhula. Kumbuyo kwake kunkakhala sekilitale akulemba mwachidule zonse zotuluka pakamwa, kenako nkukataipa. Masana amodzi mutu wathunthu watha. Ndiye mukamawerenga mukumva munthu akuyankhula, akupuma, akusewera mbali ya mtsikanayo ndi mawu ake. Nchifukwa chake ndime zake nzazifupifupi, palibe pokupunthwitsa.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England, ndipo nyumba yake, Camfield Place, ili kufupi ndi Hatfield m'chigawo cha Hertfordshire, si kutali ndi kuno. Anaigula mu 1950 ndipo anafera momwemo. Agogo amene timawasamalira ambiri amamudziwa, wina anamuonapo pa TV, wina pa msonkhano wa m'dera. Ukangotchula dzina lake chinthu choyamba kutuluka ndi mtundu wa pinki. Diresi la pinki, chipewa cha nthenga, galimoto ya Rolls-Royce yoyera.

Bambo a Yamikani:
Mwaonatu. Ndiye kuti ngakhale kulemba kwenikweniko sankalemba. Ankangobwebweta ali chigonere, ena nkumavutika.

Anambewe:
Bambo a Yamikani, agogo anu pokamba nthano kumoto ankagwira cholembera? Tonse tinkadziwa kuti Kalulu apulumuka ndipo Fisi alira, komabe tinkavomera kuti tili tonse mpaka nkhuni kutha. Kudziwa mathero sikuchotsa kukoma. Ine sindikunena kuti anali mlembi wozama, ayi. Zaka 31 zimene ndinaphunzitsa Chingelezi sindinayikepo buku lake pa mndandanda wa ana. Koma ndinaona ndi maso anga atsikana amene ankaopa buku lililonse lopanda zithunzi akuyambira pa timabuku totere, chaka chisanathe akubwereka mabuku akuluakulu ku laibulale. Chingelezi changa chomwechi, mawu ngati a zovala, a zipinda za nyumba, a ulemu wa kwa azungu, ambiri ndinawatola mmenemo.

Dalo wa ku Area 25:
Ndiye ndi Mills and Boon yomwe ija imeneyi?

Tiya wa ku Luton:
Ayi Dalo. Mills and Boon ndi kampani yosindikiza mabuku, inayamba mu 1908 ku London, ndipo olemba ake ndi ambirimbiri. Cartland ndi munthu mmodzi amene ankathamanga yekha ngati kampani. Kumudzi tinangozolowera kutchula buku lililonse lachikondi ndi dzina limodzi, ngati mmene sopo yense waufa amasandukira Surf.

Mjomba Che Wisiki:
Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ine chimene chimandigwira mtima pa mayi ameneyu si mabuku ake, ndi moyo wake, chifukwa sukufanana ngakhale pang'ono ndi zimene ankagulitsa.

Banja lawo linali lopeza bwino, koma agogo ake aamuna a kwa bambo, munthu wa zamalonda, chuma chitawathera anadzipha. Ndalama zinachepa kuyambira pamenepo. Bambo ake, Bertram Cartland, anali msilikali ndipo anaphedwa ku France mu May 1918, nkhondo yoyamba itatsala miyezi yochepa kuti ithe. Barbara anali ndi zaka 16. Amayi ake anatsegula sitolo ya madiresi ku London kuti alere ana atatu. Ndiye mtsikana wosauka wa m'mabuku uja, wa dzina labwino koma thumba lobowoka, amene ayenera kukwatiwa bwino kuti banja lipulumuke, sanachite kumupeka kutali.

Kenako alongo ake awiri. Ronald anali phungu wa nyumba ya malamulo, woimira King's Norton ku Birmingham, mmodzi mwa aphungu achinyamata amene ankatsutsa zomunyengerera Hitler. Iyeyo ndi mng'ono wake Anthony onse anaphedwa kumapeto kwa May 1940, pa nthawi imene asilikali a Britain ankathawira ku Dunkirk, doko la ku France. Anasiyana tsiku limodzi lokha. Bambo nkhondo yoyamba, alongo onse awiri nkhondo yachiwiri, onse mwezi wa May. Iye mwini anadzamwaliranso mu May. Analemba buku la mbiri ya Ronald, ndipo mawu otsogolera analemba ndi Winston Churchill.

Munthu woteroyo akakhala pa sofa nkumanena kuti m'buku langa mwamuna safa, amabwera ndithu kudzakutenga, ine sindingamuseke.

Sisi Mphatso ku Joni:
Mjomba mwandilizatu pa basi. Anthu akundiyang'ana.

Bambo a Yamikani:
Zachisoni ndithu, sindikutsutsa. Koma mjomba mwadumpha za ukwati wake. Nenaninso zimenezo.

Mjomba Che Wisiki:
Sindinadumphe, chala chinatopa. Ankadzitama yekha kuti anakana amuna 49 asanalole. Amene anamulola anali Alexander McCorquodale, wa m'banja lolemera la kampani yosindikiza, mu 1927. Anabereka mwana wamkazi, Raine, mu 1929. Ukwati unatha mu 1933 kukhoti, aliyense akuloza mnzake chala pa nkhani ya chigololo, manyuzipepala akulemba. Mu 1936 anakwatiwa ndi Hugh McCorquodale, wachibale wa mwamuna woyamba uja, anali ana a pachibale. Ndi ameneyu anabereka ana aamuna awiri, Ian ndi Glen, ndipo anakhala bwino mpaka Hugh anamwalira mu 1963. Sanakwatiwenso, zaka zoposa 36 ali yekha.

Dalo wa ku Area 25:
Dikirani. Anasiya mwamuna nkukwatiwa ndi msuweni wa mwamunayo? Dzina osasintha? Gogo anali wanzeru, sanavutike kukasintha ziphaso kkkk.

Bambo a Yamikani:
Apa ndiye pamene pali nkhani yanga. Mayi amene anasudzulidwa kukhoti pa nkhani zoterozo ndi yemweyo amene anakhala zaka makumi akulalikira pa TV kuti mtsikana azifika pa ukwati ali namwali, mwamuna yekha ndiye aloledwe kukhala wodziwa dziko. M'mabuku ake onse lamulo linali lomwelo, mtsikana sagona ndi mwamuna mphete isanalowe, pomwe Duke uja wadutsa kale mwa akazi a London yense. Ndipo ali mtsikana iyeyo sanali wofatsa. Anayamba ngati mtolankhani wa miseche ya anthu apamwamba ku Daily Express, buku lake loyamba m'ma 1920 anthu ankaliona ngati lolaula pa nthawiyo, ndipo sewero lake lina linaletsedwa ndi ofesi yoona za masewero. Atakula nkusanduka mlangizi. Ife kwathu timati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Anambewe:
Nanga anankungwi a kwathu kuno onse anali angelo ali atsikana? Mlangizi wabwino nthawi zambiri ndi amene anapsapo. Koma pa za mwamuna kuloledwa ndi mkazi kuletsedwa, pamenepo ndikuvomerezani bambo. Zinkandinyansa ngakhale ndili mtsikana, kungoti sizinali zachilendo. Kunyumba, kutchalitchi, kuchinamwali, uthenga unali womwewo. Mwina nchifukwa chake timabukuti tinalowa mosavuta m'mathiranki a amayi a Mvano. Munalibe chochititsa manyazi. Ukanagwidwa nako ndi abusa, choipa chachikulu chimene akanapezamo ndi kupsompsonana.

Sisi Mphatso ku Joni:
Ine vuto langa si unamwaliwo. Vuto ndi lakuti mtsikana wa mmenemo sagwira ntchito yomutulutsa mu umphawi, amadikira. Ine ndinakula ndi maganizo amenewo, osati a Cartland yekha, mabuku onse a mtunduwo. Ndinkaona ngati mwamuna wokwiyakwiya, wosayankhula, wokulamula, mkati mwake muli chikondi chobisika chimene ine ndekha ndidzachitulutse. Ndinakhala ndi woteroyo zaka zisanu ndi chimodzi kuno. Munalibe chobisika chilichonse abale, anali wankhanza basi. Tsiku limene ndinanyamula zikwama zanga ku Turffontein palibe Duke anabwera, inabwera bakkie ya mnzanga wa kutchalitchi, ndinalipira ndekha petulo.

Nangozo wa ku Zomba:
Pepani asisi. Munachita bwino kutuluka.

Tiya wa ku Luton:
Mphatso wanena chinthu chimene ngakhale kuno amanena, makamaka akafika pa Princess Diana. Raine uja, mwana wa Cartland, anakwatiwa ndi Earl Spencer mu 1976, ndiye anakhala mayi wopeza wa Diana. Ana a Spencer sankamufuna ngakhale pang'ono, mpaka anamupatsa dzina lachipongwe. Koma Diana yemweyo ali mtsikana ankawerenga mabuku a Cartland kwambiri, zithunzi zilipo ali nawo m'manja. Ndiye taganizani, mtsikana wa zaka 19, wamanyazi, wokula ndi nthano za namwali wokwatiwa ndi mwana wa mfumu, akufunsiridwa ndi mwana wa mfumu weniweni. Kwa Diana buku la Cartland linatha tsiku la ukwati wake, pa 29 July 1981, pa khonde la Buckingham Palace ndi kupsompsonana kuja. Moyo unapitirira, ndipo tonse tikudziwa mmene unathera.

Chomvetsa chisoni china, gogoyo pa ukwati umenewo panalibe. Mfumukazi ya nkhani zachikondi, ukwati waukulu wa m'badwo wonse, wa mdzukulu wake wopeza, iye osapezekapo.

Dalo wa ku Area 25:
Ankaopa kuti abwera ndi pinki aphimbe mkwatibwi.

Bambo a Yamikani:
Ndiye mwandithandiza a Tiya. Umboni ndi umenewo, mabukuwa amawononga.

Mjomba Che Wisiki:
Bambo, Diana anawonongedwa ndi timabuku kapena ndi banja limene analowamo? Tisamukweze gogoyu udindo umene si wake. Ndipo taonani chodabwitsa: iye ankalemba za atsikana odikira, koma mwini wake sanadikirepo munthu. Anadzidyetsa yekha ndi cholembera kuyambira ali ndi zaka za m'ma 20. Mwamuna atamwalira, nyumba yaikulu ija inkayendera ndalama za mabuku. Ambiri mwa 723 aja anawalemba atapitirira zaka 70, pamene anzake anali atakhala pansi kalekale. Ku America anthu atayamba kuwafuna kwambiri m'ma 1970, iye anangowonjezera liwiro. Zophika zake zinali mandasi, chabwino, koma mayi wa mandasi amene amadzuka 4 koloko tsiku lililonse mpaka zaka 90 ndi kuposa, ine ndimamuvulira chipewa.

Tiya wa ku Luton:
Ndiwonjezere zimene anthu a kuno amamukumbukira nazo kupatula mabuku. Nthawi ya nkhondo yachiwiri zovala ku Britain zinkagulidwa ndi makuponi, kuyambira 1941, moti diresi loyera la ukwati linali loto chabe. Atsikana ausilikali ankakwatiwa atavala yunifolomu. Iye anali mkulu woona za umoyo wa asilikali aakazi ku Bedfordshire, chigawo chomwe chino cha Luton, ndiye anayamba kugula ndi kusonkhanitsa madiresi aukwati ogwiritsidwapo kale, nkumawabwereketsa kwa atsikanawo tsiku limodzi pa mtengo wochepa. Diresi limodzi linkakwatitsa anthu ambirimbiri. Mukaganiza bwino, ndi ntchito yomweyo ya timabuku tija: kubwereka tsiku limodzi lokongola, mawa nkubweza, kubwerera ku yunifolomu.

Mu 1955 anasankhidwa kukhala khansala ku Hertfordshire, wa chipani cha Conservative, ndipo anakhalapo zaka zisanu ndi zinayi. Anamenyera malipiro a azamba ndi anamwino, komanso kuti nyumba zosungira okalamba ziziyendetsedwa bwino, ndiye ine ntchito yanga ino ndimamuwerengera pang'ono. Koma chachikulu ndi nkhani ya anthu a mtundu wa Romani, oyendayenda aja okhala m'makalavani. Apolisi ankawathamangitsa malo alionse pakangopita maola ochepa, ana awo osatha kupita kusukulu. Anthu a m'dera lake sankawafuna, koma iye anaumirira mpaka anapeza malo oti akhazikike kufupi ndi Hatfield mu 1964. Malowo anatchedwa Barbaraville.

Anambewe:
Izi za a Romani sindinkazidziwa, zikomo mwana wanga. Nangozo, amayi ako monga namwino mwina akanakondwa kumva za azambazo.

Bambo a Yamikani:
Chabwino, pa zimenezo ndagonja, anachita bwino. Koma ndisanapite kukagona ndisiye iyi. Mu 1950 mlembi mnzake, Georgette Heyer, amene kwenikweni ndiye anayambitsa nkhani zachikondi za nyengo ya Regency, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 ku England, anamudandaula kuti akumubera maina a anthu, makhalidwe awo ndi kayendedwe ka nkhani. Heyer ankafufuza mbiri mozama, ndiye zinamuwawa kuona wina akukolola m'munda mwake. Nkhaniyo sinafike kukhoti, koma inadzatulukira poyera patapita zaka zambiri onse atamwalira. Ndiye ngakhale ufa wa mandasi ujawo, wina unali wobwereka osapempha.

Mjomba Che Wisiki:
Imeneyo ndi yoona, ndipo sindimuikira kumbuyo. Amene anawerengapo onse awiri amadziwa kuti Heyer ndi wina, nthabwala zake ndi zakuthwa. Cartland analibe nthabwala m'mabuku, nthabwala inali iye mwini.

Sisi Mphatso ku Joni:
Nanga zija ndinamva zoti ankagulitsa mavitamini?

Tiya wa ku Luton:
Eee, uchi ndi mavitamini. Ankamwa mapilisi ambirimbiri tsiku lililonse ndipo ankauza aliyense kuti uchi ndiwo mankhwala a ukalamba ndi a chikondi chomwe. Anthu ankamuseka, iye nkukhala zaka 98. Mu 1978 anajambulitsanso chimbale cha nyimbo zachikondi akuimba yekha ndi gulu la Royal Philharmonic Orchestra. Ndinamverako pa YouTube, abale, musayese muli ndi tiyi mkamwa. Ndipo ali wachitsikana ankakonda za ndege zopanda injini zija, mu 1931 anathandiza nawo kuyesa kuikoka ndi ndege ina ulendo wautali, mpaka ku America anadzamupatsa mphoto pa zimenezo mu 1984. Mfumukazi Elizabeth inamupatsa ulemu wa Dame mu 1991.

Kuntchito kwathu kuli agogo ena a zaka za m'ma 90, maso anafooka, ana awo sawakumbukiranso bwinobwino maina. Pa shelefu pawo pali Cartland wa zilembo zikuluzikulu. Madzulo ndikamaliza kuwasambitsa ndimawawerengera tsamba limodzi kapena awiri. Sasamala kuti ndayambira pati, ndikhoza kubwereza tsamba la dzulo. Koma ndikafika pamene Duke walowa m'chipinda amandigwira dzanja nkunena kuti ndichepetse liwiro.

Dalo wa ku Area 25:
Ine ndimafuna ndiseke koma apa zandikanika.

Anambewe:
Chimodzi chokha chimene ndinkadandaula nacho ndi chakuti mmenemo munalibe ife. Chipale chofewa, mahatchi, mabwalo a dansi a ku London ndi Paris, khungu loyera ngati mkaka. Pamene mabuku a Pacesetters anafika, a Macmillan aja, ndi anthu akuda pachikuto akukondana ku Lagos ndi ku Nairobi, ana anga a sukulu anawathamangira kuposa mmene ife tinkathamangira Cartland. Ndinachita nawo nsanje pang'ono. Ife tinkalota maloto obwereka.

Nangozo wa ku Zomba:
Abale, sindinamvere malangizo a Dalo. Ndawaimbira amayi madzulo ano.

Poyamba anakhala chete mpaka ndinayang'ana foni ngati yaduka. Kenako anaseka, kuseka kumene sindinakumvepo chimwalirireni ababa. Akuti timabukuto ankagula kamodzikamodzi kwa munthu wina woyala mabuku akale pakhonde la sitolo ku Limbe, malipiro akatuluka. Inali nthawi imene ankagwira usiku ku chipinda cha amayi oyembekezera, ife tili ang'onoang'ono, ababa atasamukira kwa mkazi wina uja kwa zaka zitatu. Nkhani imeneyi pakhomo pathu sitiikamba. Akuti usiku wina unkatha bwino, usiku wina mwana kapena mayi ankatsala m'manja mwawo, ndiye pofika m'mawa tulo sitinkabwera. Ankafika kunyumba, kutikonzekeretsa sukulu, kutseka chitseko, nkuwerenga mpaka maso atalemera.

Ndinawafunsa kuti amayi, nanga simunkaona kuti ndi zabodza? Akuti iwe, ine ndinkabereketsa anthu, ukuganiza kuti sindinkadziwa chimene chimabwera pambuyo pa kupsompsonana? Ndinkadziwa kuti ndi bodza, ndipo ndinkalifuna bodza lomwelo, la maola atatu, lopanda munthu wofa.

Ndawauza za madiresi aukwati ndi za azamba, a Tiya. Akuti sankadziwa, ankangoona ngati ndi mzungu wina wolemera wopanda chochita.

Bambo a Yamikani:
Apatseni moni amayi. Za mandasi zija musawauze.

Nangozo wa ku Zomba:
Ndawauza kale. Akuti akufuna akuoneni.

Mjomba Che Wisiki:
Kkkkk bambo konzekani. Nangozo, uwauzenso kuti gogoyo atamwalira anasiya mabuku ena 160 osasindikiza, mwana wake Ian nkumawatulutsa pang'onopang'ono pa dzina la Pink Collection. Ngati 14 aja anawatopetsa, katundu alipo. Ndipo pa chuma chonse chija anasankha kuikidwa m'bokosi la katoni, pansi pa mtengo wa oak pa munda wa nyumba yake, mtengo umene amati unabzalidwa ndi Mfumukazi Elizabeth woyamba.

Dalo wa ku Area 25:
Katoni? Kwathu kuno achibale akanakana, akanati mwatichititsa manyazi pamudzi.

Anambewe:
Nangozo, pa 14 pajapo taona ngati pali kena ka mtsikana wothawira ku France atavala ngati mnyamata. Dzina ndinaiwala, chikuto chinali chobiriwira. Ndi kamene ametironi anandilanda kaja.

Nangozo wa ku Zomba:
Amayi, ta atsikana othawira ku France tilipo titatu, tobiriwira tiwiri. Ndibweretsa tonse Lachisanu pobwera ku Blantyre, mudzasankhe nokha. Koma amayi anga akuti tibwerere, ndipo mphira wa chubu uja usatayike.